Tilipire sewero kapena kauthenga ka theka la mphindi? Zokambirana za momwe malonda analowera pa wailesi

Anabanda, Kasungu:
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu, poti pagulu pano pali anthu odziwa za wailesi kuposa ine. Ife tili pa gulu la amayi 12, timapanga sopo wochapira. Chaka chino tasonkha kangachepe koti anthu atidziwe kupitirira msika wathu. Dzana ndinapita ku wailesi ya m'dera lathu ndipo anandiyalira njira ziwiri pa ndalama zofanana. Yoyamba, kauthenga ka theka la mphindi kazimveka katatu patsiku kwa mwezi umodzi. Yachiwiri, tilipirire sewero la mphindi 15 lomwe limamveka Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo kwa miyezi iwiri, dzina lathu lizitchulidwa poyamba, pakati ndi pomaliza. Amayi anzanga agawanika. Ena akuti sewero n'kudyetsa azisudzo, ife tingotsala ndi dzina. Ena akuti kauthenga anthu sakamvetsera, akangomva kuti ayamba malonda amadzuka kukasonkhezera moto. Ndalamazi tazipeza movutikira, sitikufuna kuziponya m'madzi.

Kondwani, Blantyre:
Mayi, ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndimajambula mauthenga amalonda mu studio. Tengani kauthenga, koma kakhale ndi kanyimbo. Katatu patsiku kwa mwezi ndiye kuti kamveka maulendo 90. Mwana akayamba kukaimba popita kusukulu, ntchito yatha.

Aphunzitsi Mbewe, Dedza:
Anabanda, funso lanuli lili ndi zaka zoposa 100, ndipo ena mwa amene analiyankha anali ogulitsa sopo ngati inu nomwe. Ndiloleni ndiyambire kutali pang'ono.

Wailesi yoyankhula kwa anthu onse inakhazikika ku America m'chaka cha 1920. Mumzinda wa Pittsburgh munali katswiri wa kampani ya Westinghouse, dzina lake Frank Conrad, amene ankaulutsa nyimbo za m'galamafoni kuchokera m'galaja ya kunyumba kwake, mongosangalala chabe. Sitolo ina yaikulu ya mumzindamo, ya Joseph Horne, inalengeza m'nyuzipepala kuti ikugulitsa timakina tomvera zomwe Conrad ankaulutsazo. Mmodzi wa akuluakulu a Westinghouse, Harry P. Davis, atawerenga chilengezocho anaona pomwe pagona ndalama: anthu sangagule wailesi ngati mulibe chomvera. Kampaniyo inamanga nyumba youlutsira mawu ya KDKA, ndipo pa 2 Novembala 1920 inaulutsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti chomwe Warren Harding anapambana James Cox.

Ndiye onani, poyambirira penipeni pulogalamu iliyonse inali malonda a wailesi yeniyeniyo. Palibe ankalipira kuti atchulidwe dzina. Wopanga mawailesi ndiye ankalipira oimba ndi owerenga nkhani, ndalama zake n'kudzabwerera pa kauntala ya sitolo.

Chisomo, Leeds:
Aphunzitsi, ndiye amene anayamba kugulitsa mphindi ndani?

Aphunzitsi Mbewe, Dedza:
Anali a kampani ya matelefoni, mwanangu, AT&T. Iwo anali atazolowera kale kulipiritsa munthu malinga ndi mphindi zomwe wayankhula pa foni. Ndiye anati nyumba yawo youlutsira mawu ya WEAF ku New York ikhale ngati kanyumba ka telefoni: walowa, walipira, wayankhula, kungoti amene akukumva ndi mzinda wonse. Pa 28 Ogasiti 1922 kampani ya Queensboro Corporation inagula mphindi pafupifupi 10. Munthu wawo anafotokoza kukoma kokhala kunja kwa phokoso la m'tauni, pofuna kugulitsa nyumba zawo za ku Jackson Heights. Umenewu ndiwo uthenga womwe olemba mbiri ambiri amautchula kuti malonda oyamba olipiridwa pa wailesi.

Chomwe chimandigwira mtima ine n'chakuti anthu a nthawiyo anachita nazo manyazi. Herbert Hoover, yemwe panthawiyo anali nduna ya zamalonda asanakhale pulezidenti, anachenjeza pamsonkhano wa zamawailesi mu 1922 kuti chinthu chothandiza anthu chotere sichiyenera kumizidwa ndi phokoso la otsatsa malonda. A WEAF eni ake ankaletsa kutchula mitengo ya katundu. Anakayikiranso kulola uthenga wa mankhwala otsukira mano, ati nkhani ya m'kamwa mwa munthu si yokambidwa pagulu. Maganizo awo anali oti nyuzipepala umaigula wekha n'kuiwerenga wekha, tsamba losakusangalatsa ulidumpha, pomwe wailesi ndi mlendo amene wakhala pabalaza, ana ndi apongozi ali pomwepo. Mlendo sayamba kuyala malonda pamphasa ya eni nyumba.

Kondwani, Blantyre:
Koma aphunzitsi, manyaziwo anatha bwanji? Chifukwa lero timachita kufuula mtengo katatu mu sekondi 30.

Aphunzitsi Mbewe, Dedza:
Anayamba n'kuzembera. Poti kunena kuti "gulani" kunali kosayenera, makampani ankapatsa pulogalamu kapena gulu loimba dzina la katundu wawo. Opanga mabatire a Eveready anayambitsa Eveready Hour mu 1923. Masitolo a A&P anali ndi oimba otchedwa A&P Gypsies. Opanga mankhwala otsukira mano a Ipana anali ndi Ipana Troubadours. Muulutsi sakanatha kutchula oimbawo osatchula katunduyo. Womvera ankamva ngati wapatsidwa mphatso ya nyimbo, ndipo akalowa m'sitolo ankakumbukira mwini mphatsoyo.

Kenako zinthu ziwiri zinasintha zonse. Choyamba, nyumba zoulutsira mawu zinalumikizidwa ndi mawaya a telefoni, n'kupanga magulu aakulu, la NBC mu 1926 ndi la CBS mu 1927, moti mawu amodzi ankamveka m'mizinda yambiri pa mphindi yomweyo. Kale wogulitsa ankayenera kulipira nyuzipepala ya mzinda uliwonse payokhapayokha. William Paley, amene anatenga utsogoleri wa CBS mu 1928, anachokera m'banja lopanga fodya wa La Palina, ndipo anakopeka ndi wailesi ataona momwe malonda a fodya wa banja lawo anakwerera atalipirira pulogalamu. Chachiwiri ndi mavuto aakulu azachuma omwe anayamba mu 1929. Makampani anali ndi katundu wosayenda, nyumba zoulutsira mawu zinkafuna ndalama, ndiye chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 mitengo inayamba kutchulidwa poyera. Mu 1930 mabanja pafupifupi 40 pa 100 alionse ku America anali ndi wailesi. Pofika 1940 anali oposa 80 pa 100. Anthu osauka ankalephera kugula tikiti ya kanema, koma wailesi ukaigula kamodzi, zosangalatsa zake ndi zaulere.

Kondwani, Blantyre:
Ine ndiikire kumbuyo kanyimbo kanga ndi mbiri yomweyo. Chakudya cham'mawa cha Wheaties chinatsala pang'ono kusiyidwa chifukwa sichinkagulidwa. Koma kuyambira Khirisimasi ya 1926, amuna anayi ankachiimbira kanyimbo pa wailesi ya WCCO mumzinda wa Minneapolis. Mabwana atakhala pansi mu 1929 kuti achithetse, anapeza kuti gawo lalikulu la zomwe anagulitsa dziko lonse linagulidwa m'dera lomwe kanyimboko kankamveka. Anakafalitsa dziko lonse, Wheaties ilipo mpaka lero. Opanga mawotchi a Bulova nawo sanavutike ndi sewero, ankangolipira kuti muulutsi ponena nthawi atchule dzina lawo. Zachidule zimagwira, mayi.

Anabanda, Kasungu:
Ndikumva nonse. Koma aphunzitsi, munati ogulitsa sopo ndiwo anayankha funso langa. Ndikudikira pamenepo.

Aphunzitsi Mbewe, Dedza:
Ndafika tsopano. Masana, abambo ali ku ntchito ndi ana ali kusukulu, mphindi za pa wailesi zinali zotsika mtengo chifukwa ankaganiza kuti palibe akumvera. Koma kunyumba kunali amayi, akuchapa, akusita, akuphika, ndipo iwowo ndiwo ankasankha sopo wogula. Manja otanganidwa sangagwire nyuzipepala, koma makutu ali pa ufulu. Mu 1933 kampani ya Procter & Gamble inayamba kulipirira sewero la Ma Perkins pofuna kugulitsa sopo wa ufa wa Oxydol. Inali nkhani ya mayi wamasiye wokhala m'katauni kakang'ono, mwini malo ogulitsira matabwa, amene aliyense ankathamangira kwa iye akakhala ndi vuto. Mphindi 15 tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo gawo lililonse linkathera pamalo pomwe mtima uli m'mwamba kuti mawa utsegulenso. Linakhala pa wailesi mpaka 1960. Masewero otere anachuluka kwambiri moti anthu anawapatsa dzina loti soap opera, masewero a sopo, dzina lomwe likugwiritsidwabe ntchito pa masewero a pa kanema.

Tsono mfundo ili apa, Anabanda. Amayi aja sankagula Oxydol chifukwa chomva kuti amatulutsa thovu lambiri. Ankagula chifukwa mayi wa m'sewero uja anasanduka mnansi wawo, ndipo sopoyo ankabwera limodzi ndi mnansiyo. Chimene kampaniyo inkalipira ndi chikhulupiriro chomwe omvera anali nacho pa mawu omwe ankawamva tsiku ndi tsiku. Koma dziwaninso kuti masewerowo sankalembedwa ndi nyumba zoulutsira mawu. Ankalembedwa ku makampani otsatsa malonda, monga ya ku Chicago komwe kunkagwira ntchito Frank ndi Anne Hummert. Wolipira ndiye ankaona mawu onse asanaulutsidwe. Inu kodi akulolani kuona zomwe zili m'sewerolo?

Anabanda, Kasungu:
Ayi, sindinafunse n'komwe. Ndimayesa ife zathu n'kulipira basi.

Nachisale, Area 25:
Pepani ndilowererepo, nkhaniyi yandikhudza pamtima. Aphunzitsi akamati chogulitsidwa ndi chikhulupiriro, ine ndinaziona ndi maso. Bambo anga amadwala BP. Kwa zaka zambiri ankamwa mankhwala a kuchipatala mokhulupirika, ankasunga m'kachitini pamwamba pa wailesi yawo kuti akamatsegula nkhani zam'mawa azikumbukira kumwa. Chaka chatha pa wailesi ina panayamba pulogalamu ya munthu wogulitsa mankhwala azitsamba. Sinkamveka ngati malonda ayi. Muulutsi yemwe bambo amamukonda, amene amawerenganso mauthenga a maliro, ndiye ankamufunsa mafunso mwaulemu, anthu n'kumaimba foni kuchitira umboni kuti BP ndi shuga zinatheratu. Ndinapita kumudzi mu Julayi, ndinapeza kachitini kaja kali kodzaza, pambali pake pali botolo la malita awiri la madzi obiriwira lopanda chizindikiro chilichonse. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Mwana wanga, akanakhala abodza sakanawalola pa wailesi." Patatha masabata atatu anagwa pakhonde. Ali moyo, koma dzanja lamanja siligwiranso khasu, ndipo mawu amatuluka movutikira. Mpaka lero ndikamva kanyimbo koyambira pulogalamuyo thupi langa limazizira.

Anabanda, Kasungu:
Pepani kwambiri Anachisale. Mulungu awakhudze bambo.

Chisomo, Leeds:
Pepani achemwali. Ngati angakwanitse, asasiye mafizo a dzanjalo, ndipo mankhwala a BP asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Ndikulemberani kumbali.

Aphunzitsi Mbewe, Dedza:
Pepani mwanangu. Mawu a bambo anuwo ndi omwewo amene anapweteketsa anthu ambiri ku America wailesi ili yatsopano. Kunali munthu wina, John R. Brinkley, wodzitcha dokotala, m'katauni ka Milford ku Kansas. Iye ankauza amuna ofooka m'nyumba kuti awachiritsa powaika tiziwalo ta tonde m'thupi. Mu 1923 anatsegula wailesi yakeyake ya KFKB. Ankaika nyimbo zomwe alimi ankakonda, maulaliki, kenako iye mwini n'kuyankhula ndi mawu ofatsa ngati m'bale wako. Anali ndi pulogalamu yowerenga makalata a odwala, n'kuwalembera mankhwala pa wailesi pomwepo osawaona, mankhwala otchulidwa ndi nambala, ogulidwa m'masitolo omwe ankagawana naye phindu. Odwala angapo anafera m'manja mwake. Mu 1930 analandidwa chiphaso cha udokotala ku Kansas, ndipo bungwe loona za mawailesi linakana kumuwonjezera chiphaso choulutsira mawu. Mukudziwa chomwe chinachitika? Chaka chomwecho anapikisana nawo pa mpando wa bwanamkubwa wa Kansas ndipo anatsala pang'ono kupambana, chifukwa omvera ankamukonda. Kenako anawoloka malire kukamanga wailesi yamphamvu kwambiri ya XER ku Villa Acuña m'dziko la Mexico, n'kumayankhulabe kwa anthu omwewo. Anadzagwa mu 1939 ataluza mlandu womwe iye mwini anasumira dokotala Morris Fishbein, amene ankamutchula poyera kuti ndi wachinyengo. Malamulo okhwima oletsa malonda abodza a mankhwala ku America anabwera mu 1938, anthu ambiri atavulala kale.

Kondwani, Blantyre:
Anachisale, pepani. Ndivomere kuti ifenso ojambula tili ndi mbali yathu. Pulogalamu yolipiridwa imayenera kunena poyera poyamba ndi pomaliza kuti ndi yolipiridwa, ndipo muulutsi wowerenga nkhani sayenera kubwereketsa mawu ake ku zinthu zotere. Koma ndisabise, mawailesi ang'onoang'ono ambiri akupuma ndi ndalama za anthu amenewa. Dizilo wa jenereta, malipiro a anyamata, chiphaso cha ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, zonsezi zimafuna ndalama. Mukachotsa malonda, wailesiyo yatseka, ndipo mlimi sadzamvanso za mvula kapena mtengo wa soya m'chilankhulo chake.

Chisomo, Leeds:
Koma achimwene, njira ina ilipo, ndipo ndikukhala nayo kuno. BBC mkati mwa Britain ilibe malonda. Inayamba mu 1922, chaka chomwecho cha WEAF, koma kuno anasankha kuti mwini wailesi aliyense azilipira chiphaso cha mashiling'i 10 pachaka. Anaona chisokonezo cha ku America ndipo sanachifune. Lero chiphasocho chili pa TV, ndimalipira, ndipo ndimamvera pulogalamu yonse popanda wondigulitsa kanthu.

Aphiri a ku Joni:
Mlongo wanga, zoona, koma nkhaniyo ili ndi mchira. John Reith, mkulu woyamba wa BBC, anali munthu wopemphera kwambiri, ndipo Lamlungu ankangolola mapemphero, nkhani zozama ndi nyimbo zodekha. Lamlungu ndilo linali tsiku lomwe wantchito ali pakhomo. Ochenjera anaona mpata. Leonard Plugge anayamba kugula nthawi pa Radio Normandy ku France mu 1931, Radio Luxembourg inayamba kuulutsa m'Chingerezi mu 1933, onse akulunjika ku Britain ndi nyimbo zovina ndi malonda. Makampani a ku Britain omwewo, monga opanga Ovaltine, ankawolotsa ndalama zawo nyanja kukalipira kumeneko. Boma la Britain linadzalola mawailesi amalonda m'dzikomo mu 1973.

Kuno kum'mwera kwa Africa zinayendanso chimodzimodzi. SABC, wailesi ya dziko la South Africa, itakhazikitsidwa mu 1936 inalibe malonda. Koma ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kunali LM Radio, yomwe inkaulutsa nyimbo ndi malonda pa mafunde ofika kutali a shortwave kulowa mu South Africa ndi maiko oyandikana nawo. Ndalama za otsatsa zinkapita ku Mozambique. Mapeto ake SABC inatsegula Springbok Radio pa 1 Meyi 1950, yamalonda, ndipo nayo inadzaza ndi masewero olipiridwa ndi makampani mpaka inatsekedwa kumapeto kwa 1985, TV itatenga otsatsa. Malume anga amene anagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela anabwera kumudzi ndi wailesi, ndipo LM Radio ndiyo ankaisaka usiku.

Chisomo, Leeds:
Ndamva achimwene. Komabe kukhala ndi nyumba imodzi yosadalira otsatsa kumathandiza. Pali nkhani zomwe wailesi yodalira kampani imaopa kuzikamba.

Aphunzitsi Mbewe, Dedza:
Apo Chisomo wanena zoona, ndipo chitsanzo chake n'chowawa kwa ife anthu akuda. Pulogalamu yomwe inatchuka kuposa zonse ku America kuyambira 1929 inali Amos 'n' Andy, yolipiridwa ndi mankhwala otsukira mano a Pepsodent. Azungu awiri, Freeman Gosden ndi Charles Correll, ankayankhula motsanzira anthu akuda, kuwaonetsa ngati osazindikira. Inakondedwa kwambiri moti nyumba zina zoonetsera kanema zinkaimitsa filimu kuti anthu amvere kaye gawo la tsikulo. Mu 1931 nyuzipepala ya anthu akuda ya Pittsburgh Courier inasonkhanitsa masiginecha ambirimbiri kupempha kuti ichotsedwe. Sinachotsedwe. Pepsodent inkagulidwa, ndipo amene ankanyozedwawo sanali makasitomala omwe kampaniyo inkawawerengera. Ngakhale powerenga omvera, zomwe Archibald Crossley anayamba mu 1930, ankachita kuimba foni m'makomo, ndiye kuti wopanda foni analibe mawu.

Agogo Tembo, Chipata:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga chete, mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Mwakamba za kutali, ine ndikambe za pakhomo pathu. Bambo anga anali mphunzitsi, ndipo anali ndi wailesi ija ya sefuliya. Azungu ankaitcha Saucepan Special chifukwa thupi lake linali sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu, yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wabuluu. Inayamba kugulitsidwa mu 1949. Mzungu wina wa ku ofesi yofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, ndiye anavutikira kupeza kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo ya anthu akuda, ndipo amene anavomera ndi Ever Ready ya ku Britain. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake mashiling'i 25. Batirelo linali lalikulu, wailesi inkakhala pamwamba pake. Mabowo ake anatchingidwa ndi kansalu kawaya kuti mphemvu ndi chiswe zisalowe.

Ndikukumbukira madzulo bambo akuitulutsa pakhonde n'kuiika pa mpando, waya wa mlongoti atamangirira ku mtengo wa mango. Akamaitsegula, ife ana tinkakhala chete kudikira. Anthu ankabwera ndi mipando yawo. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inkamveka kuno, ku Nyasaland (lero Malawi) ndi ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Alick Nkhata, woimba komanso muulutsi wa kumeneko, akamaimba kapena kuyankhula, amayi anga ankasiya kusenda mtedza. Koma chomwe anthu ankadikira kwambiri ndi moni wochokera kwa abale a ku migodi. Nthawi ya Chinyanja ikangotha bambo ankazimitsa pomwepo, ati batire lisathe.

Tsono ndawerenga zomwe aphunzitsi alemba za Westinghouse ndipo ndaona kuti n'zomwezo. Kampani ya mabatire inapanga wailesi yotchipa podziwa kuti wailesi ugula kamodzi, koma batire uzigula moyo wako wonse. Boma la atsamunda nalo linali ndi malonda ake, linkafuna timve zomwe ilo likufuna. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anthu ambiri anayamba kuikayikira wailesiyo chifukwa inkayamikira zomwe ife tinkakana.

Kondwani, Blantyre:
Agogo, zikomo kwambiri. Sefuliyayo ikadalipo?

Agogo Tembo, Chipata:
Zam'kati zinawonongeka kalekale, mdzukulu wanga. Chigoba chake amayi anadzachisandutsa chosungiramo mbewu ya maungu. Chili kwa mlongo wanga ku Katete.

Aphiri a ku Joni:
Agogo mwandikumbutsa wailesi za Nzeru zomwe tinakulira nazo ku Malawi, ndi mabatire tikuwayanika padzuwa kuti afike pa mauthenga achisoni a pa MBC. Mudzi wonse unkadalira nyumba imodzi. Ndiye ndikamva Anachisale akunena mawu a bambo awo, ndikumvetsa. M'badwo umenewo unakula MBC ili yokha kuyambira 1964 mpaka zaka za m'ma 1990. Chomwe chanenedwa pa wailesi chinali chomwecho, ukamva dzina la m'bale wako pa mauthenga achisoni sunkafunsanso kwina, unkangoyamba kulongedza. Lero mawailesi ndi ambirimbiri, aliyense wokhala ndi ndalama angagule ola lathunthu, koma makolo athu akumverabe ndi makutu akale aja.

Nachisale, Area 25:
Ndi zomwezo achimwene. Bambo sanapusitsidwe ndi botolo lija, anakhulupirira muulutsi. N'chifukwa chake ndikupempha Anabanda, kaya musankha chiti, musalole kuti anene za sopo wanu zomwe sachita. Ngati sachiritsa zipere, asanene kuti amachiritsa. Ndipo funsani kuti pulogalamu yobwera patsogolo ndi pambuyo pa yanu ndi ya ndani. Dzina lanu lisagundizane ndi la anthu ngati aja.

Anabanda, Kasungu:
Zimenezo ndalemba. Sopo wathu ndi wochapira basi, sitidzanena zoposa apo. Koma ndidziwa bwanji kuti ndalama zathu zagwira ntchito? Ife tilibe anthu oimba mafoni m'makomo.

Aphunzitsi Mbewe, Dedza:
Procter & Gamble nawonso ankafuna kudziwa zomwezo. Anauza omvera Ma Perkins kuti atumize chivundikiro cha bokosi la Oxydol ndi kandalama kochepa, alandire mbewu za maluwa. Makalata anafika ochuluka zedi, ndipo kalata iliyonse inali ndi adiresi, ndiye anadziwa kuti omvera ali kuti komanso kuti agula kale sopoyo. Inu mungachite zofanana. Muulutsi anene kuti wobweretsa mapepala asanu okutira sopo wanu pa benchi yanu ya kumsika alandira sopo mmodzi waulere. Wobweretsayo mumufunse mudzi wake, mulembe m'kope. Pakutha pa miyezi iwiri kopelo likuuzani zoona.

Ine maganizo anga ndi sewero, chifukwa ogula sopo ndi amayi, ndipo amayi amatsata nkhani. Koma kawiri pamlungu n'kochepa poyerekeza ndi masiku asanu a Ma Perkins, ndiye apa Kondwani ali ndi mfundo.

Kondwani, Blantyre:
Ndiye tiphatikize. Mayi, akakulolani sewerolo, muwauze kuti kanyimbo kanu kakhale kotsegulira ndi kotsekera, komanso polengeza sewerolo masiku enawo azikaika. Mawailesi ambiri amalengeza mapulogalamu awo mwaulere, mungodziwa kupempha. Kanyimboko musalembe ganyu oimba a m'tauni. Amayi 12 inu nomwe muimbe, ndi m'manja momwe mumaombera ku chinkhoswe. Mujambule pa foni m'chipinda chopanda phokoso, foni italikirane nanu mikono iwiri, munditumizire, ndikonza mawuwo kwaulere.

Chisomo, Leeds:
Mufunsenso ola lake lenileni. Madzulo a 5 koloko amayi ali ku mjigo kapena pamoto, madzulo a 7 koloko wailesi ili m'manja mwa abambo.

Anabanda, Kasungu:
Anati 6:30. Kwathu kuno nthawi imeneyo nsima ili pamoto ndipo wailesi imakhala pakhomo la khitchini, ndiye ndikuona kuti ili bwino. Loweruka tikumana ndi amayi anzanga, ndikawawerengera zonsezi, makamaka za mayi wa matabwa uja ndi za bambo a Anachisale ngati mundilola. Lolemba ndibwerera ku wailesi ndi mafunso atatu: ndione magawo a sewerolo asanaulutsidwe, andiuze mapulogalamu oyandikana ndi lathu, ndiponso za kanyimbo. Akondwani, nambala yanu nditengere kwa adimini.

Nachisale, Area 25:
Awerengereni, mayi. Bambo ndawauza kuti ndalemba za iwo pano, agwedeza mutu kuvomera.

Agogo Tembo, Chipata:
Mdzukulu wanga akupita ku Katete mwezi wamawa, ndamuuza akajambule chigoba cha sefuliya chija aike pano. Anabanda, kanyimbo kanu kakatuluka mutitumizire, nafenso timve.